Mphika Wosawira Umene Unanditchonetsa

Mukafika pa Kaduya n'kufunsa za ine, adzakuuzani kuti ndine wabodza. Musawamvere. Anthu amenewo sanapiteko kupitirira pa Limbe, ndipo chilichonse chimene sichikwana m'dengu mwawo amachitcha bodza. Zimene ndilembe panozi ndinaziona ndi maso angawa, ndipo ngati ndawonjezerapo mchere ngakhale wa pachala, mphezi indipeze m'chilimwe.

Ndinachoka kumudzi nditangokwatira kumene. Mkazi wanga Esinati ndi wa ku Jenala, ndipo monga mwa mwambo wathu ndinakakhala kwawo, pa chikamwini. Nyumba yathu inali yaudzu, yodontha moti mvula ikamagwa tinkatuluka kukausa panja. Amalume ake a Esinati, a Namakhwa, ankadutsa pakhomo m'mawa uliwonse, kuyang'ana denga, kuyang'ana ine, n'kutsokomola. Chifuwa chimenecho ndi chimene chinanditumiza ku Joni. Ndinamuuza Esinati kuti chaka chimodzi chokha, ndikapeza malata ndibwera. Iye n'kuti ali ndi pakati. Anandikazingira chimanga ndi mtedza, n'kunena kuti, "Chakacho chikhale cha miyezi khumi ndi iwiri, osati chowerenga inu."

M'basi tinakhalamo masiku atatu. Mapazi anatupa moti nsapato ndinachita kuvula ndi sopo. Pa chipata cha dziko anandidindira masiku makumi atatu, ndipo masikuwo anatha ndisanadziwe n'komwe kumene dzuwa la kumeneko limatulukira. Ndinagwira maganyu a m'maluwa, ndinasenza simenti, kenaka mnzanga wina wa kwa Chiwalo anandiuza kuti ku Kepu, pa famu ina ya mphesa, pali malo odyera azungu ndipo akufuna wotsuka mapoto.

Famuyo inali pakati pa mapiri. Phiri limodzi linkafanana ndi Michesi, koma lopanda mtengo ndi umodzi womwe, ngati analimeta mpala. Mwini malowo tinkangomutcha Shefu, chifukwa ndi amenenso ankaphika. Anali munthu wamkulu thupi moti akalowa mu firiji yaikulu yoloweramo anthu, nyama zinkayamba kusungunuka. Tsiku loyamba anatenga pasipoti yanga, anati aisunge mu ofesi kuti isanyowe. Ndipo munthuyo sananame. Zaka zisanu ndi chimodzi pasipoti ija sinanyowe.

Anandipatsa kachipinda kuseri kwa khitchini, pafupi ndi mabotolo a gasi. Kunja kwa geti sindinkatuluka. Tawuni inali kutali, basi kunalibe, ndipo apolisi akumeneko Mmalawi amamudziwira patali, pakuti ndi yekhayo amene amapereka moni kwa wapolisi.

Tsono m'khitchini muja munali chinthu. Iwo ankachitcha suvidi, ine ndinkangoti ndodo. Chinali ngati mpini wa khasu wofupika koma wonenepa, pamwamba pali kagalasi koonetsa nambala. Umachipana m'mphepete mwa beseni lalikulu lodzaza madzi, theka lake n'kumira, n'kulumikiza ku magetsi. Ndodoyo imatenthetsa madzi n'kumawazunguliza, koma madziwo sawira. Amangotentha moti chala chimapirira kuwerenga mpaka zitatu. Nyama umaiika m'jumbo, makina ena n'kuyamwa mpweya wonse, n'kumata, kenaka n'kuimiza m'madzimo. Basi. Moto palibe, utsi palibe, fungo palibe. Nyama ya mnofu inkakhalamo maola awiri. Nthiti za ng'ombe, masiku atatu. Pali Mulungu. Zikatuluka, Shefu ankangozinunkhitsa poto wamoto uku ndi uku, ndipo zinkafewa moti nkhalamba yopanda mano ikanadya ndi nkhama zokha n'kupemphanso fupa.

Vuto linali lakuti ndodoyo inali yamakani. Popanda woiputa inkayamba kulira, tii, tii, tii, n'kusiya ntchito. Shefu ankaitukwana m'zilankhulo ziwiri, kuimbira foni kutawuni, wokonza n'kubwera patatha sabata. Antchito onse ankaiopa. Panali mayi wina wa Chixhosa, Sisi Noma, wamkulu wa ife tonse, amene anayamba ntchito pafamupo mapiri aja asanakule. Iye akamadutsa pa beseni ankapatuka ngati pali njoka.

Ine sinki yanga inali pafupi ndi beseni, ndiye ndinkangoyang'ana. Mudziwe kuti Mlomwe amadziwa kudikira mphika. Ife tinakulira kalongonda, nyemba zimene ukaziphika mothamanga zimakuonetsa anthu amene anafa kale. Umaphika kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kutaya madzi, kuthira ena, osachoka pamoto. Munthu woleredwa choncho akayang'anitsitsa beseni kwa miyezi iwiri, beseni limaulula.

Choyamba chimene ndinaona n'chakuti pa ndodopo pali kamzere. Madzi, ngakhale sawira, amathawa pang'onopang'ono ndi nthunzi, ndipo akatsika kupitirira kamzereko ndodo imalira ludzu n'kuima. Mankhwala ake ndi ketulo. Umathira madzi otentha, osati ozizira, pang'onopang'ono, mbali ya kutali ndi ndodoyo, kenaka n'kuphimba beseni ndi pulasitiki, pamwamba thaulo. Ndinaonanso kuti jumbo likatsala ndi mpweya limayandama ngati chule wakufa, ndiye nyama imapsa kumimba, kumsana kukhala kwaiwisi. Pamenepo ndinkapanira supuni yolemera kumunsi kwa jumbolo, n'kumira. Nthawi zina jumbo linkakokedwa n'kukatseka timabowo tolowera madzi, nambala ija n'kuyamba kuvina tchopa, kukwera, kutsika. Ndinatenga zopanira zovala pa chingwe cha Sisi Noma, jumbo lililonse n'kulimangirira kutsidya kwa beseni. Zopanirazo anazifunafuna mpaka anakangana ndi mkazi wa woyendetsa thirakitala. Mulungu andikhululukire.

Koma matenda aakulu anali m'madzi. Madzi a pafamupo anali a pansi pa nthaka, ndipo ankasiya zoyera zolimba ngati njereza m'kati mwa ndodo. Zikachuluka, kachitsulo kozunguliza madzi kankayamba kukukuta ngati chigayo cha pa Migowi, nambala n'kumanama. Ndinakumbukira asisitere a kumishoni akutsuka ketulo ndi mandimu. Ndinayesa mandimu, zinasintha pang'ono. Ndinayesa viniga, theka viniga theka madzi, mu jagi, ndodo n'kuiyatsa momwemo kwa kanthawi, kenaka n'kuipala ndi mswachi wakale. Inatuluka ikuwala, ikuyenda mwakachetechete ngati wakuba nkhuku.

Apa ndi pamene ndinadzikumbira dzenje, ndipo khasu lake ndinagula ndekha.

Nyengo yozizira ikafika alendo ankachepa, ndipo oyamba kuchotsedwa ntchito anali ife opanda mapepala. Ndiye ndinati nzeru izi ndisagawe. Kwathu wosula makasu sakuuza mtengo umene amawotcha makala ake. Zonse ndinkachita anthu akatembenuka. Viniga ndinamuthira m'botolo lakuda, n'kulikulunga ndi nsanza yofiira. Ndodo ikalira anthu akuona, ndinkayenda pang'onopang'ono, kuwerama, n'kuinong'oneza m'Chilomwe kuti, "Moseliwa?" Kumeneko n'kungofunsa kuti mwadzuka bwanji. Dzanja lamanzere lili pa ketulo, kuseri kwa thaulo. Ndodo n'kukhala chete.

Anthu akumeneko amakhulupirira kale kuti Mmalawi aliyense amayenda ndi kanthu m'chiuno. Sisi Noma ataona anagwira pakamwa. Pofika Lachisanu famu yonse inkanditcha Dokotala. Wina anabwera ndi wailesi yakufa, wina ndi mwamuna woledzera. Shefu za mankhwala sankakhulupirira, koma ankakhulupirira nthiti. Anandichotsa pa sinki, n'kugula ndodo yachiwiri. Kenaka yachitatu. Pomaliza zinakwana zisanu, mabeseni asanu pamzere, ine pakati ngati m'busa wa ng'ombe zosadya udzu.

Tsiku lina magetsi anathima ine ndili kumunsi kwa munda, kumene anandituma kukathyola masamba onunkhiritsa ndiwo. Jenereta inadzuka, koma ndodo zimenezi zikadzidzimuka zimaiwala ntchito, zimangoyaka n'kumadikira chala cha munthu. Pobwera ndinapeza madzi angofunda ngati tiyi wa kumaliro. Shefu anaviika choyezera kutentha, anafunsa kuti papita maola angati, n'kunena kuti zonse zitayidwe.

Ndinati, "Bwana, kwathu nyama yotere timaiwamba, timadya mpaka Khirisimasi."

Iye anati, "M'madzi ofunda tizilombo timaberekana. Wina akadya n'kufa, atsekera ine, osati iwe."

Tinakumba dzenje. Nthiti zimene zinalowa m'menemo zikanakwanira ukwati wa mwana wa nduna, ndi anthu osaitanidwa omwe. Ndinavula chipewa. Kuyambira tsiku limenelo ndinkasunga mabulangete ofunditsa mabeseni magetsi akathima, ndipo sindinapitenso kumene kulira kwa ndodo sikumveka. Ndinayeza ndekha: masitepe makumi anayi kuchokera pa beseni loyamba. Chimbudzi chinali m'kati mwa masitepewo, kachipinda kanganso. Tchalitchi cha antchito chinali kunja. Ndinkapemphera nditaima pa mabotolo a gasi, khutu limodzi kwa Mulungu, lina ku beseni.

Chaka chitatha ndinapempha tchuthi. Shefu anati, "Inde, nthiti izi zikapsa." Zitapsa, beseni lachiwiri n'kuti layamba dzulo lake. Limenelo litapsa, lachinayi linali pakati. Mabeseni asanu sapsa tsiku limodzi, abale anga. Ndinapempha chaka chachiwiri, chachitatu, yankho lomwelo, ndipo ankanena akumwetulira, dzanja lili paphewa panga, lolemera ngati thumba la feteleza.

Kumudzi zinthu zinkayenda popanda ine. Malata ndinatumiza pa anyamata onyamula katundu wa anthu kupita kumudzi, njinga inapita, mabulangete anapita. Mwana anabadwa wamkazi, anamutcha Mphatso. Anakwawa pa foni, anayenda pa foni, anayamba sukulu pa foni. Tsiku lina ndinamumva akufunsa mayi ake kuti, "Kodi bambo a m'foniwa miyendo ali nayo?" Esinati poyamba ankafunsa kuti mubwera liti. Kenaka anayamba kufunsa kuti mubwera kodi. Kenaka anasiya kufunsa, tinkangokamba za mbuzi ndi za mvula.

Ndiye tsiku lina masana, ndikumangirira majumbo, pa foni panalowa uthenga wa mawu. Anali a Namakhwa. Anayamba ndi chifuwa chija.

"Akamwini, ndi ine. Malata anafika, tikuwaona, akuwala. Koma mwana wathu sanakwatiwe ndi malata. Takhala pansi ndi ankhoswe anu, tamvana. Nandolo wauma m'munda. Akatha kumenyedwa inu musanaponde pakhomo pano, tikusudzulani, mwana wathu aone zina. Pa sukulupa pabwera aphunzitsi ena a ku Ntcheu. Akumapereka moni kawiri pa tsiku. Ndathokoza."

Ndinaumvera katatu. Kachitatu ndodo ya pakati inalira, ndipo ndinapita kukathira madzi ndisanamalize.

Ndinakagogoda ku ofesi. Ndinamuuza Shefu zonse, za nandolo zomwe. Anamvetsera, anapukuta thukuta, n'kunena kuti, "Mkazi ndi nkhani yaikulu. Chabwino. Phunzitsa wina. Akatha sabata yathunthu ndodo osalira, ine osaitanidwa, pasipoti ndikupatsa m'manja."

Ndinatuluka ndikuseka ndekha. Ntchito yake ya ketulo ndi supuni, munthu angaiphunzire tiyi asanazizire.

Palibe anavomera. Wina anati ali ndi ana aang'ono. Wina anati tchalitchi chawo sichilola. Woyendetsa thirakitala anangoyatsa thirakitala n'kumapita. Ndinatsala ndi Sisi Noma. Ndinamuitanira pa mabeseni, ndinamasula nsanza yofiira, n'kumununkhitsa botolo.

"Sisi, ndinkanama. Uyu ndi viniga. Yemweyu wa mu saladi."

Ananunkhiza. "Viniga, inde. Wasakaniza ndi chiyani?"

"Madzi."

"Madzi a kuti?"

"A pampopi apa."

"Hee, Malawi." Dzina langa sanalitchulepo chiyambire, ankangonditcha dziko. "Ukufuna ndigwire ine, dzanja liume, iwe uli kwanu ukudya nsomba?"

"Sisi, pali Mulungu, palibe mankhwala. Taonani." Ndinamwa viniga uja, kumeza kawiri, misozi mbwee.

Iye anapinda manja. "Mwini galu salumidwa."

Ndinamuonetsa kamzere ka madzi. Ndinamuonetsa supuni. Ndinaulula ndi za zopanira zovala zija, ndipo zimenezo zokha ndi zimene anakhulupirira, moti sanandiyankhule masiku anayi.

Sabata inapita, inanso inapita. Esinati ananditumizira chithunzi cha mulu wa nandolo pabwalo, popanda mawu. Patatha masiku anatumiza china, mulu utachepa. Ndinaganiza zothawa wapansi opanda pasipoti, koma ndinkawadziwa anthu amene anayesa, ena anatha miyezi m'kampu ya ogwidwa, nandolo wa chaka chinacho mpaka kuuma. Ndinaganiza zomiza ndodo zonse mitu m'madzi kuti zife. Koma Shefu akanangogula zina, ndipo akanati Dokotala akhale aziyang'anire poti n'zatsopano. Ndinkakhala pakati pa mabeseni aja, madzi akuzungulira osapita kulikonse, ine n'kumaona kuti ndife amodzi.

Tsiku lina ndikupala njereza ndi mswachi, ndinazindikira kuti mfundo yomangidwa ndi bodza siimasuka ndi choonadi.

Nthawi yopuma masana ndinamupeza Sisi Noma akusenda mbatatesi. Ndinakhala patali pang'ono, nkhope yolemera, n'kunena motsitsa mawu. "Sisi, munandigwira. Mankhwala alipo. Akuluakulu akwathu andilota, avomera kuti ndisiyire munthu, koma akhale wamkulu, wa mtima woyera, wosaba."

Anaika mpeni pansi. "Ndinadziwa ine. Afuna chiyani?"

Zaulere sakanazikhulupirira, ndiye ndinati nkhuku yoyera. M'mawa mwake anabwera ndi nkhuku ya mu firiji, yosenda kale, yolimba ngati mwala. Ndinati akuluakulu alandira, masiku ano amamvetsa.

Mwambo tinachitira kuseri, pa mabotolo a gasi, dzuwa lili paliwombo. Ndinamuvula nsapato. Ndinamupatsa botolo ndi manja awiri, n'kuyamba kumulangiza.

"Chinthuchi chili ndi miyambo yake, Sisi. Madzi akatsika kupitirira kamzere aka, tsitsi lanu liyamba kuthothoka kuyambira kumbuyo. Mukathira madzi ozizira, mano. Jumbo lisayandame, loyandama limaitana maliro, mulimize ndi chitsulo chimene anthu amadyera. Lisakhudzenso pakamwa pa ndodo, n'chipongwe. Lolemba lililonse muisambitse ndi za m'botolomu."

"Zikatha?"

"Mugule viniga, muthire theka, madzi theka. Mphamvu ili mu nsanzayi."

"Magetsi akathima?"

"Muifunditse bulangete ngati mwana. Akayaka muidzutse ndi chala, isadzuke yokha. Ndipo ngati madzi afunda kwa nthawi yaitali, nyamayo yatengedwa ndi eni ake, musadye, musapatse munthu."

Anabwereza zonse osaphonya ndi limodzi lomwe. Kenaka ndinamuphunzitsa mawu aja. Tsiku lotsatira ndinamupeza atawerama pa beseni loyamba, akupereka moni wa Chilomwe kwa ndodo iliyonse payokhapayokha, mwaulemu kuposa mmene ana a masiku ano amaperekera kwa agogo awo.

Zimene ine ndinkachita mwaulesi, iye ankachita ndi mantha. Madzi ankawayang'ana kakhumi pa ola, dzanja lina likupapasa tsitsi. Sabata yonse ndodo sinalire ndi kamodzi komwe. Nthiti zinatuluka zabwino kuposa zanga, ndipo ndivomere kuti zinandiwawa. Shefu anatsegula kabati, anandipatsa pasipoti, yowuma gwa, n'kunditengera kutawuni pa galimoto yake. Pa chipata cha dziko odinda anaiyang'ana pasipoti ija, anandiyang'ana, anaitana mnzawo kuti adzaone, kenaka anadinda chidindo choti ndisadzabwerenso msanga. Ndinawathokoza.

Ku Jenala ndinafika pa kabaza, masana. Denga linkawaladi. Pabwalo panatsala kamulu ka nandolo kokwana kumenya tsiku limodzi. Kamtsikana kena kanandiyang'ana kuchokera kuseri kwa nkhokwe, n'kuthawa. Esinati anandilandira chikwama, anandipatsa madzi akumwa atagwada monga achitira kwa mlendo, n'kunena kuti, "Mukagone kwa ankhoswe anu. Nkhani mawa."

M'mawa mwake tinakhala pakhonde la nyumba imene ndinaifolera ndi malata koma ndisanagonemo chifolereni. A Namakhwa pampando, azimayi awiri achikulire pamphasa, Esinati atayang'ana kumbali. Kumbali yanga kunali ankhoswe anga, amalume anga a ku Kaduya, munthu wofatsa amene moyo wake wonse wathera kupepesa chifukwa cha ine.

A Namakhwa anati, "Mwafika nandolo asanathe, tavomera. Koma musanalowe m'nyumbamu mutiuze. Munati chaka chimodzi. Chinakugwirani n'chiyani?"

Ndinaima, ndinavula chipewa, n'kunena zoona zokhazokha. Za ndodo, za madzi osawira, za nyama ya m'jumbo, za masiku atatu, za masitepe makumi anayi. Sindinawonjezere kanthu. Ndinachotsako ndi pang'ono, mabeseni ndinati anayi.

Woyamba kuseka anali mmodzi wa azimayi aja. Kenaka mnzake. A Namakhwa sanaseke.

"Nyama m'jumbo."

"Eya."

"Madzi osawira, moto palibe."

"Palibe."

"Masiku atatu. Akamwini, ndi mwala womwe ukhoza kupsa. Ife takhala pano kuti tikonze banja, inu mwationa ngati a pabwalo la bawo?"

"Pali Mulungu, amalume."

"Mulunguyo musiyeni, watopa nanu."

Ankhoswe anga anapempha kuti tipite kaye kuseri. Titafika pa khola anandigwira mkono.

"Iwe, tamvera. Mlandu wa mkazi timaudziwa. Mbuzi imodzi, kupepesa, kulangizidwa, watha. Amuna onse obwera ku Joni amadutsa pamenepo. Koma mlandu wa ndodo sitinauweruzepo. Ukapitiriza anena kuti ukuwanyoza, akusudzula dzuwa lisanafike pamutu."

"Koma amalume, kunalibe mkazi."

"Ndiye um'peze pakati pa pano ndi pakhonde."

Tinabwerera. Ndinagwada. Ndinati ndapepesa, satana anandinyenga, kunali mkazi. Pakhonde ponse panapuma mpweya wabwino. Azimayi aja anagwedeza mitu mokhutira. A Namakhwa anati, "Eyaa. Tsopano mwayankhula ngati munthu wamkulu." Anandilangiza ola lathunthu, anagamula mbuzi yaikazi, n'kufunsa Esinati ngati akundilandira. Iye anayang'ana pansi, n'kunena kuti, "Alowe." Chikwama changa anachilowetsa ndi ankhoswe anga, akuthamanga, kuopa kuti ndingatsegulenso pakamwa.

Anthu atabalalika, Esinati anayala chiguduli pabwalo n'kuyamba kumenya nandolo wotsala uja. Ndinakhala pafupi, osadziwa poika manja. Anamenya, anamenya, makoko akuthetheka, osandiyang'ana.

Kenaka anati, "Tambasulani manja."

Ndinatambasula. Anali otuwa, okwinyika ngati a munthu amene wakhala tsiku lonse mumtsinje, zikhadabo zodyeka.

"Ndipo malaya amene mwavalawa ndi omwe ndinakusitirani popita. Batani lachitatu ndinasoka ndine, ndi ulusi wobiriwira." Anamenyanso kawiri. "Mwamuna wokhala ndi mkazi sabwera chonchi. Kunalibe mkazi."

Ndinati, "Ndiye ukundikhulupirira?"

"Ndikukukhulupirirani."

"Nanga bwanji sunanene pakhonde paja? Mbuzi ija..."

Anaika mtengo womenyera pansi, n'kundiyang'ana koyamba chifikireni.

"Bola akanakhala mkazi, bambo a Mphatso. Mkazi ndikanamutukwana. Ndikanafunsa ngati amandiposa kuphika, ndikanadzola mafuta kuti muone chimene munasiya. Usiku wonse wa dzulo ndimakonzekera mkazi. Koma zaka zisanu ndi chimodzi, mwana mpaka kuyamba sukulu, inu mutakhala pansi kuyang'anira beseni la madzi. Beseni ndilitani ine?"



Anandikankhira mtengo uja ndi phazi.

"Menyani mbali iyo. Dzuwa likupita."